Kanyama ka pa Tsamba Lachinayi

Ndikanangotseka pakamwa Lachitatu lija, bwenzi lero ndisakulemba zimenezi. Koma madzi akatayika sawoleka.

Ndine Hana, mwana wa a Simioni a ku Malindi, kufupi ndi tchalitchi cha mishoni. Ndili ndi zaka 19, mayeso a Folomu 4 ndinalemba chaka chatha. Anthu amati ndine wamanyazi, ndipo sanama. Ngakhale Swadick, chibwenzi changa, sanandifunsire ndi pakamwa, ankadziwa kuti ndithawa. Anabwereka buku langa la Bayoloje, ndipo polibweza ndinapezamo kapepala: "Aphunzitsi akuti mtima uli ndi zipinda zinayi. Ndikupempha chimodzi." Zilembo zake zimapendekera kumanja ngati bango pa mphepo ya mwera, ndipo S wake amaoneka ngati mbedza. Ndikhoza kuzizindikira pakati pa makope chikwi.

Kwawo ndi Asilamu a m'tauni ya Mangochi. Amayi ake, Abiti Sulemani, sanandikondepo. Amalume ake, Che Atumani, anali atamusankhira kale Ajira, mwana wa mnzawo wogulitsa nsalu. Ife tinkati nthawi idzakonza zonse. Kenako, mu Febuluwale, madokotala anamupeza Swadick ndi khansa ya m'magazi. Analandira kemo, tsitsi linayoyoka, matenda anabisala miyezi itatu n'kubwereranso. Nthawi imene tinkaidalira ija inayamba kutithera m'manja.

* * *

Uthenga wake unandipeza ndikuchapa, Lachiwiri masana.

"Hana, bwera kwathu mawa m'mawa. Amayi avomera. Ndabwera ndi mapepala achingerezi kuchokera ku Blantyre, ndawauza kuti palibe angawamasulire kuposa iwe."

Ndinauwerenga katatu, sopo akuuma m'manja. Zaka ziwiri za chibwenzi chathu, phazi langa linali lisanapondepo pakhomo pawo.

"Avomeradi, kapena wawakakamiza?" ndinafunsa.

"Wodwala sakanizidwa kanthu. Phindu la matendawa ndi lokhali."

"Usamaseke ndi zimenezo."

"Ndisekenso ndi chiyani? Uvale zazitali."

* * *

Ndinavala diresi yanga ya kwaya, chitenje pamwamba, n'kukwera kabaza. Powoloka mlatho wa Shire ndinkangobwereza moni m'mutu kuti ndisakalakwitse.

Ndinawapeza pakhonde. Swadick anali atatsamira khoma, chisoti choyera chitamira mpaka m'makutu, mikono ngati ya mwana wa sitandade 5. Ndinafuna kulira koma ndinameza. Pambali pa amayi ake panali Ajira, akuthira tiyi m'makapu ngati mwini khomo.

"Afika adokotala athu," anatero Ajira. "Khalani pampando, asisi, mkekawu ungakudetsereni diresi."

Ndinagwada, n'kupereka moni, n'kukhala pamkeka pomwepo.

Che Atumani anandikankhira mapepala anayi omangidwa pamodzi. Tsamba loyamba linali la Chichewa, lofotokoza mwachidule kuti kuchipatala china ku Blantyre akuchita kafukufuku wa mankhwala atsopano, ndipo ofuna kulowa abweze pepalalo atasayina pofika Lolemba. Masamba enawo anali Chingerezi chokhachokha.

"Mwana iwe, akuti unakhoza sayansi," anatero. "Kemo uja anangomumeta mpala, matenda n'kubwerera. Awa asiyana pati? Usatizunguze, tiuze monga ungauzire munthu wa pamsika."

Ndinawerenga chamumtima kaye. Mawu anayamba kutuluka aang'ono, koma pang'onopang'ono ndinaiwala kuti ndikuopa.

"M'magazi mwa munthu, bambo, muli maselo amene ali ngati asilikali. Akaona mdani amamupha. Koma khansa ndi yochenjera, chifukwa inabadwira m'thupi momwemo. Asilikali aja amaiona ngati mwana wa pakhomo, n'kupitiriza kuwodzera."

"Alonda a kusitolo kwanga enieni," anatero Che Atumani.

Swadick anaseka mpaka kutsokomola.

"Ndiye akatswiri atenga zidutswa za mapuloteni awiri osiyana n'kuzilumikiza kukhala chinthu chimodzi. Chili ngati kachingwe kakafupi kokhala ndi mbedza uku ndi uku. Mbedza imodzi imakola selo la khansa. Inayo imakola msilikali. Zikakolana choncho, msilikali amangopezeka ali mphuno ndi mphuno ndi mdani. Amadzidzimuka, amamuboola, kenako amachulukana n'kuyamba kusaka ena."

"Ndiye kuti opha matendawo si mankhwalawo?"

Anafunsa ndi Abiti Sulemani. Aka kanali koyamba kuti andilankhule ine mwini, akundiyang'ana m'maso.

"Ayi, amayi. Opha matenda ndi magazi a mwana wanu omwe. Mankhwalawo amangowadzutsa n'kuwalozera pamene pali mdani."

"Subuhanalla," ananong'ona, dzanja lili pachifuwa. "Magazi ake omwe."

Ndinapitirira tsamba lachitatu. Linkachenjeza kuti asilikali akadzuka onse nthawi imodzi, thupi limatentha kwambiri, ndipo ena mutu umasokonezeka. Choncho masiku asanu ndi anayi oyambirira wodwala amagonekedwa, ndipo pamafunika womudikirira usana ndi usiku, wodziwa kuwerenga. M'mawa uliwonse wodwala amalemba chiganizo chimodzimodzi papepala. Zilembo zikayamba kusintha, womudikirira aitane namwino msanga.

Nditawerenga pamenepo Swadick anandiyang'ana. Ndinayang'ana pansi, makutu akutentha.

"Basi, zamveka," anatero Che Atumani, akusolola cholembera m'thumba la mkanjo. "Sayina, mphwanga."

Cholembera chinali chitafika kale m'dzanja la Swadick. Apa ndiulule. Palibe anandifunsa za tsamba lachinayi. Koma mawu aja a "Subuhanalla" anali atanditsekemera, ndinkafuna amayi ake andiyang'anenso kachiwiri.

"Patsala tsamba limodzi," ndinatero. "Likunena za kapangidwe kake. Akuti mankhwalawa amapangidwa m'matanki akuluakulu, ndi maselo amene anachokera kwa hamusita."

"Kwa ndani?" anafunsa Che Atumani.

"Ndi kanyama kenakake ka kunja."

Ajira anasuzumira papepala, akukopera liwulo mufoni mwake chilembo ndi chilembo. Kenako anakuwa, kapu ya tiyi n'kugubuduka.

"Asitafurula! Amayi, taonani!"

Anatembenuza foni. Panali kanyama ka masaya otupa, ndevu zazitali, timano tiwiri kutsogolo.

"Mbewa," anatero Abiti Sulemani. Mawu awo anali ngati a munthu amene waona njoka m'mtsuko.

"Si mbewa kwenikweni, amayi, ndi..."

"Ndevu izo, mano awo," anandidula Che Atumani. "Ukufuna ibwere ndi chiphaso chaunzika?"

Anatsomphola cholembera m'dzanja la Swadick.

"Musawadabwe," anatero Ajira, akupukuta tiyi pamkeka. "Kwa anzathu a ku mishoniwa imeneyi ndi ndiwo. Amagula pamsewu zili pampani. Lero akufuna atidyetse kudzera m'mitsempha."

Ine mbewa sindinalawepo chibadwire. Ku Malindi timadya utaka ndi usipa womwewo umene iwo amadya.

Che Atumani anatembenukira kwa Swadick, mawu atatsika.

"Mphwanga, imfa ndi ya tonse. Koma ukalowetsa haramu, choletsedwa, m'magazi, Mulungu n'kukuitana uli choncho, jeneza lako adzanyamula ndani? Ukufuna amayi ako adzakhale okha pamaliro?"

Abiti Sulemani anaphimba kukamwa ndi mpango, mapewa akugwedezeka. Swadick sanandiyang'ane.

"Hana," anatero, "pita kaye."

* * *

Ndili pa kabaza pobwerera foni inanjenjemera.

"Sindisayina."

Ndinamuuza wanjinga aime. Ndinakhala pamwala m'mbali mwa msewu.

"Swadick, uli ndi zaka 21. Lamulo likukulola kusayina wekha."

"Lamulo silinandibereke. Wawaona amayi mmene amalirira?"

"Nanga dokotala anati chiyani ukapanda kulandira?"

Foni inaonetsa kuti akulemba. Anasiya. Anayambanso. Anasiya.

"Anati mvula ikubwerayi mwina sindiiona."

Ndinayang'ana kumwamba ngati wopusa. Unali mwezi wa Seputembala, dzuwa likuswa mtengo, koma kumapiri a ku Chowe kunali kamtambo kamodzi. Ndinadana nako kamtambo kameneko.

"Bwanji sunandiuze?"

"Unkamwetulira. Sindinafune kukusokoneza."

"Ndakupha ndine, Swadick. Ndikanakhala chete, ukanasayina."

"Sunaname. Ndinakukondera zomwezo."

* * *

Bambo anga anali akusoka ukonde pansi pa mtengo wa mango. Ndinali ndisanawauzepo za Swadick, koma nditayamba kulira ndinafotokoza zonse, kuyambira kapepala ka m'buku mpaka kanyama ka masaya otupa. Sanasiye kusoka.

"Ndinkadziwa," anatero. "Munthu sapita kukagula mabuku kutauni Loweruka lililonse n'kumabwera chimanjamanja. Tsono wanama pamapepalapo?"

"Ayi, bambo."

"Ndiye ukuliranji? Mfundo ya chipembedzo cha eni sungaimasule iwe, mwana wa ku mishoni. Ili ndi eni ake oimasula. Shehe Uladi tinkapalasa bwato limodzi tili anyamata, asanapite kukaphunzira. Ndi munthu womva. Pita ukamuuze kuti ndiwe mwana wa Simioni."

Ndinadzuka kuti ndizipita, koma anandiitananso.

"Hana. Ukamuthandize mnyamatayo, ndi moyo wa munthu. Koma njira yobwerera kwanu usaiiwale."

* * *

Lachinayi m'mawa ndinabwereka mpango kwa anzathu oyandikana nawo, n'kuuzinga molakwika, mpaka akazi a Shehe anachita kundikonzera pakhomo, akuseka. Anakhala pambali panga nthawi yonse.

Shehe Uladi ndi munthu wamfupi, wa ndevu zaimvi, wovala magalasi omangidwa ndi ulusi mbali imodzi. Anandimvetsera osandidula. Ndinali nditajambula mapepala aja pafoni, ndiye ndinawerenga tsamba lachinayi lonse.

"Simioni wabereka mphunzitsi," anatero. "Koma ine sindigamula za chinthu chimene sindinachimvetse. Pali amene tingamufunse?"

Pansi pa tsambalo panali nambala ya namwino wa kafukufukuyo. Ndinaimba, n'kukweza mawu a foni kuti tonse timve.

"Mayi, ndine Shehe Uladi wa ku Mangochi. Ndili ndi mafunso atatu. Loyamba: mumapha nyama zingati kuti mupange botolo limodzi?"

"Ngakhale imodzi, Shehe. Maselowo anatengedwa kwa kanyama kamodzi zaka zoposa makumi asanu ndi limodzi zapitazo. Kuyambira pamenepo amangoberekana okha m'matanki. Amawapatsa malangizo, iwo n'kumapanga puloteniyo."

"Lachiwiri: m'botolomo muli nyama kapena magazi a kanyamako?"

"Mulibe. Amasefa kambirimbiri, maselo onse amatsala. Cholowa m'botolo ndi mankhwalawo."

"Lachitatu: pali mankhwala ena amene mwanayu angalandire m'malo mwake?"

Namwino anayankha mosamala.

"Za wodwala wina sindingakuuzeni, Shehe, afunseni eni ake. Koma olowa kafukufukuyu ndi amene mankhwala ena anawalephera. Ndisakunamizeninso: ngakhale awa sachiza aliyense."

Foni itadulidwa Shehe anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta ndi mkanjo.

"Amayi awa," anatero akuloza akazi awo, "amathira manyowa m'dimba chaka chilichonse. Tomato akapsa timadya, ndipo palibe ananenapo kuti tadya manyowa. Ndipo ngakhale pakanakhala kukayika, moyo ukakhala pangozi, njira ina palibe, chipembedzo chathu chimatsegula chitseko. Atumani ndi wopupuluma kuyambira kale. Ndikamuuza ndekha mawa tikatuluka mumzikiti."

Ndinafuna kuthokoza koma misozi inanditsogolera. Akazi a Shehe anandipatsa madzi.

"Mpangowu wakukhala," anatero. Ndinaseka, osadziwa kuti mawu amenewo andidikirira kutsogolo.

* * *

Lachisanu, nthawi itangodutsa 2 koloko, chithunzi chinalowa mufoni. Linali tsamba lomaliza lija, ndipo pansi pake panali S wonga mbedza, zilembo zopendekera kumanja.

"Ndasayina! Amalume anachita kundipatsa okha cholembera. Bwera msanga, akukufuna."

Ndinakuwa mpaka nkhuku zinabalalika. Sindikumbuka mmene ndinawolokera mlatho.

Pakhonde anali anthu omwe aja, malo omwe aja. Koma Swadick sankamwetulira monga ndinkayembekezera. Ajira anali atavala nsalu yatsopano yobiriwira, manja ali pamiyendo, wodekha ngati mphaka amene wamwa kale mkaka.

"Khala, mwana iwe," anatero Che Atumani. "A Shehe atiuza zimene unachita. Ndinakulankhula moipa, ndavomera. Galimoto ya ku Blantyre inyamuka Lolemba m'mamawa."

"Zikomo, bambo."

"Usathokoze msanga. Tsamba lachitatu lija ukulikumbuka? Pakufunika womudikirira masiku asanu ndi anayi, wodziwa kuwerenga. Mlongo wangayu sukulu sanapite. Ine ndimawerenga Chiarabu ndi manambala basi. Ndiye mphwangayu, osafunsa munthu, walembapo dzina lako."

Mtima wanga unagunda kamodzi kwambiri, ngati bwato lagunda mwala.

"Zilembo zanga amazidziwa ndi Hana," anatero Swadick. "Zikadzayamba kupotoka, wina adzati ndi mmene ndimalembera."

"Ine kuwerenga ndimatha," anatero Ajira. "Sindinafike Folomu 4, koma dzina la mwamuna wanga sindingalephere."

"Mwamuna wako ndani?" anafunsa Swadick.

"Khalani chete nonse!" Che Atumani anamenya mkeka ndi dzanja. "Mtsikana sangagone masiku asanu ndi anayi pambali pa bedi la mwamuna amene si wake. Tauni yonse ino ingatiseke mpaka kumanda. Wopita ku Blantyre apita ali mkazi wake. Nikahi ichitika Lamlungu m'mawa. Makolo a Ajira avomera kale."

Ndinamva ngati khonde lapendekeka. Nikahi, ukwati, mkuja lomweli. Ndinagwira mkeka ndi manja onse awiri.

"Ndipo ine ndakana," anatero Swadick. Mawu ake anali ofooka koma osagwedezeka. "Ndawauza kuti akandikakamiza, pepala ndasayinali ndiling'amba. Mvula idzagwa ine kulibe, basi."

"Swadick, usatero!" Ndinadabwa kumva mawu anga akukwera pamaso pa akuluakulu.

"Wamumva?" anatero Che Atumani. "Mutu ngati mwala. Ife tamulephera."

Pamenepo Abiti Sulemani analowa m'nyumba. Anatuluka ndi kanthu kopindidwa bwino, n'kukaika pamkeka patsogolo panga. Unali mpango woyera, wa maluwa osokedwa m'mphepete.

"Ndinavala umenewu tsiku la nikahi yanga," anatero. "Mtima wako ndauona, mwana wanga. Unapita wekha kwa a Shehe, wamanyazi iwe, chifukwa cha mwana wanga. Sindikukananso. Koma pakhomo pano sipanalowepo mkazi wa kutchalitchi, ndipo sindiyambitsa ndine. Ukalowa Chisilamu Lamlungu m'mawa, mkazi wake ndiwe, ku Blantyre upita ndiwe."

Ajira anadzuka, nsalu yobiriwira ikukwekwereza pansi.

"Amayi! Si zimene munagwirizana ndi bambo anga!"

"Khala pansi, Ajira. Sindinamalize." Anandiyang'ananso. "Ukaona kuti sungathe, sindidzakuda. Koma umuuze ndi pakamwa pako kuti atenge Ajira, apite akalandire mankhwala. Wina aliyense samumvera. Ndili ndi mwana mmodzi yekha, Hana. Mundisankhire njira iliyonse, bola Lolemba akwere galimoto."

Aka kanali koyamba kutchula dzina langa.

Foni inanjenjemera pamwendo panga. Ndinayang'ana mwakuba. Anali bambo: "Zayenda bwanji, mwanawe? Usachedwe, a kwaya akukudikira. Paja Lamlungu woyambitsa nyimbo ndiwe, ndipo mawu a Mulungu ndiwerenga ndine."

Ndinatembenuza foni chafufumimba. Ajira ankapuma mwaukali.

Swadick anang'amba kangodya ka envulopu ya mapepala aja, n'kulembapo ndi cholembera cha amalume ake. Anakakankha pamkeka pang'onopang'ono ndi chala chowonda, pamaso pa onse, mpaka kanafika pambali pa mpango woyera uja.

"Usadzikakamize. Koma chipinda chija chikadali changa?"

Zilembo zinali zomwe zija, zopendekera kumanja. Ndinatambasula dzanja, ndipo maso onse anatsata zala zanga. Kapepala ndi mpango zinali zitagundana, moti sindikanatha kutola chimodzi osakhudza chinzake.